Pulani ya Ntchito Yotha Kusintha: Malangizo kwa Alimi a M'mbali mwa Nyanja

Alimi anzanga a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya, nkhani yathu lero si ya mbewu yatsopano kapena mankhwala atsopano ayi. Ndi ya kakonzedwe ka ntchito: mmene banja kapena kalabu ingagwirizanire kuti ntchito iti iyambe, iti idikire, ndiponso chochita pamene zinthu zakana kuyenda monga tinaganizira.

Chaka ndi chaka ife alangizi timakukumbutsani kalendala ya ulimi. Sosani msanga, pangani mizere mvula isanagwe, bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, palirani udzu usanakule, thirani feteleza pa nthawi yake. Malangizo amenewa ngabwino ndipo sindikuti muwataye. Koma ndikamayendera minda mu Febuluwale ndimapeza mabanja a mitundu iwiri ali pa vuto limodzi. Banja loyamba linagwira pulani yake ngati lamulo la boma. Linagwirizana mu Okutobala kuti lidzalima maekala atatu, ndipo ngakhale mnyamata wamkulu wapita ku Joni, mayi agona ndi malungo masabata awiri, bambo akuumirirabe maekala atatu omwewo. Mapeto ake minda yonse yalowa tchire. Banja lachiwiri linataya pulani tsiku lomwe mvula inachedwa. Iwo amadzuka m'mawa osadziwa kumene khasu likalowe. Lero ayamba apa, mawa apo, osamaliza ndime ndi imodzi yomwe.

Ilipo njira yachitatu. Pulani mukhale nayo, koma muziikonzanso pafupipafupi, masabata awiri aliwonse, malinga ndi zimene maso anu aona kumunda.

Kumene njirayi inachokera

Pa Chingerezi njira imeneyi amaitcha Agile, mawu onena za munthu wopepuka thupi, wotha kutembenuka msanga osagwa. Sinayambire kumunda. Inayambira kwa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Kale iwo ankakhala pansi miyezi yambiri kulemba pulani ya ntchito yonse, kuchokera poyamba mpaka pomaliza, kenaka n'kugwira ntchitoyo chaka kapena zaka ziwiri osamuonetsa kanthu mwini wake. Pomaliza ankapeza kuti zofuna za mwini ntchitoyo zinasintha kalekale, ndalama zapita, ndipo chimene apangacho n'chosathandiza. Mu Febuluwale 2001 anthu 17 a ntchito imeneyi anakumana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America, nalemba chikalata chachifupi cha mfundo zimene anagwirizana. Mfundo imene ikutikhudza ife ndi yakuti pulani njofunika, koma kutha kusintha pamene zinthu zasintha n'kofunika koposa.

Pansi pa dzina limeneli pali njira zingapo. Ina ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. M'njira imeneyi ntchito imadulidwa m'zigawo zazifupi zosapitirira mwezi umodzi, anthu amakumana mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo chigawo chikatha amaona zimene apanga asanayambe china. Ina ndi Kanban, yochokera ku fakitale ya galimoto ya Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno ankagwiritsa ntchito timakadi kuti anthu asapange katundu wambiri amene sanafunike. Mayinawa asakuvutitseni. Mukawaiwala palibe chimene mwataya.

Kunena zoona, nzeru imeneyi si yachilendo kuno kwathu. Taonani asodzi a usipa. Palibe mwini chilimira amene amalemba mu Januwale kuti pa 10 Juni adzaponya khoka pamalo akutiakuti. Amadziwa kuti usiku wa mdima ndiye wabwino, amakonzeratu nyali, mafuta ndi anyamata. Koma madzulo aliwonse amaima pagombe, kuyang'ana mitambo, kumvera mphepo, kufunsa amene abwera kumene. Mwera ukawomba, mabwato sachoka, ndipo tsikulo amasoka makoka. Cholinga sichinasinthe, yasintha ndi ntchito ya tsikulo. Chodabwitsa n'chakuti bambo yemweyo, wochenjera chotere panyanja, akafika kumunda amaiwala zonsezi.

Chifukwa chake ife a kuno tiyenera kusamala koposa

Malangizo ambiri a ulimi amalembedwa poganizira madera a chimanga. Ife nyengo yathu njosiyana. Kuno mvula yochuluka imagwa mu Malichi ndi Epulo, pamene anzathu a ku Lilongwe ayamba kale kuganiza zokolola. Mlimi wa ku Mpamba amene atsata masiku a ku Lilongwe osayang'ana kumwamba adzaona chimanga chake chikuolera m'munda, kapena makaka ake akuchita nkhungu pathandala. Nyanja nayo ili ndi zake. Inakwera kwambiri mu 1980, ndipo mu 2024 inakweranso n'kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mbali mwake. Chaka chomwecho cha 2024, mu Malichi, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha mavuto a nyengo ya El Niño, makamaka ng'amba. Dziko limodzi, chaka chimodzi, ena akulira dzuwa, ife tikuthawa madzi.

Achikulire akukumbukira za kodikodi. Kachirombo kameneka kanachokera ku South America, kanalowa mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kanafika kuno ku Nkhata Bay cha m'ma 1985. Mu 1986 ndi 1987 minda ya chinangwa inapinimbira, nsonga zinapota, pansi panalibe chokumba. Anthu amene sanadziwepo njala chifukwa cha kondowole anayamba kudalira chimanga cha chithandizo. Chimene chinathetsa mliriwu ndi kamavu kakang'ono kochokeranso ku South America, kamene akatswiri a bungwe la IITA anakabweretsa mu Africa kuti kaziikira mazira m'thupi la kodikodi. Koma kamavu sikanagwire ntchito tsiku limodzi. Pa nthawi yodikirayo, banja limene linali ndi mpunga pang'ono, mbatata, kapena chimanga linali ndi pothawira. Banja limene pulani yake yonse inali chinangwa chokha linalibe pogwira.

Pambuyo pake tinaonanso chisaka chikutha nthochi zathu, ndipo mu nyengo ya 2016 ndi 2017 kunabwera ntchemberezandonda zachilendo zija zodya chimanga kumtima. Palibe kalendala imene inalemberatu zimenezi.

Zosasuntha ndi zotha kusuntha

Pano ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa munda si kompyuta. Wolemba pulogalamu akalakwitsa amafufuta n'kulembanso. Inu mukabzala, mwabzala. Choncho ntchito yoyamba ndi kusiyanitsa zinthu zimene sizingasunthe ndi zimene zingasunthe.

Chimanga chimafuna kubzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira, ndipo feteleza wobereketsa amafunika patatha pafupifupi masabata atatu chitamera. Mbande za mpunga zimafuna kuwokeredwa zili ndi masabata atatu kapena anayi. Zikakalamba pa nazale siziphuka bwino. Chinangwa chatsopano chimafuna munda woyera miyezi itatu yoyamba. Tsiku lanu la madzi pa sikimu ya Limphasa ndi la gulu, simungalisinthe nokha. Tsiku lobweza ngongole linalembedwa. Ndipo chinangwa chowawa chiyenera kuviikidwa mpaka chifewe ndithu; amayi musafupikitse masiku amenewa chifukwa chothamangira ntchito ina, pakuti chiphe chake chimapha. Zinthu ngati zimenezi ndizo nsichi za nyumba. Zizikeni poyamba.

Zina zonse zili ndi mpata. Chinangwa chokhwima chikhoza kudikira m'nthaka. Ndicho chifukwa chake timati ndi nkhokwe ya pansi. Mbatata ikhoza kubzalidwa mochedwerapo kuposa chimanga. Kukula kwa munda umene mulime chaka chino, mbewu imene ilowe pa ndime yotsala, tsiku logulitsa ndi kumene mukagulitse, zonsezi simuyenera kuzitsekera mu Okutobala. Mu Okutobala mumadziwa zochepa. Mu Januwale mumadziwa zambiri: mvula yayamba bwanji, feteleza mwapeza matumba angati, manja alipo angati pakhomo. Chinthu chimene chingadikire popanda kutaya kanthu, chidikire kufikira mutadziwa zambiri.

Masabata awiri

Tiyerekeze banja la ku Kande: bambo, mayi ndi mwana wamkulu mmodzi wotha khasu. Ali ndi munda wa chinangwa chakale, munda wa chinangwa chatsopano, theka la ekala la chimanga, ndi kadambo ka mpunga. Lamulungu madzulo, pakati pa Januwale, akhala pansi pakhonde. Choyamba atchula ntchito zonse zimene zikudikira, osasiya ndi imodzi yomwe: kupalira chimanga ndi kuthira feteleza, kuwokera mpunga, kupalira chinangwa chatsopano, kubzala mbatata, kufolera khitchini imene ikudontha, kupeza ndalama za sukulu.

Kenaka aziika pa mzere. Funso lake ndi limodzi: ntchito iyi ikachedwa masabata awiri, titaya chiyani? Mbande za mpunga zili ndi masiku 20, ndiye zikachedwa zakalamba. Chimanga nthawi yake ya feteleza yakwana, ndipo kuthira feteleza m'munda wa udzu ndi kudyetsa udzuwo. Ziwirizi zipite patsogolo. Chinangwa chatsopano chitsatire. Mbatata ikhoza kudikira. Khitchini aike pepala la pulasitiki kaye. Ndalama za sukulu zichokere ku ufa wa kondowole kapena ku usipa.

Tsopano awerenge manja. Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Masabata awiri ndi masiku 14, koma masiku a khasu si 14. Chotsani masiku awiri opembedza, atsala 12. Kodi munaonapo masabata awiri akutha popanda maliro, matenda, msonkhano wa mfumu kapena mvula ya tsiku lonse? Chotsaninso atatu, atsala 9. Bambo ngati akupita kunyanja usiku wa mdima, m'mawa mwake sangagwire khasu ngati munthu amene anagona; awerengereni masiku 5 basi. Mayi nawonso tsiku lawo si la kumunda lokha. Kukumba chinangwa, kusenda, kuviika, kuyanika, kusinja, kutunga madzi, zonsezi ndi ntchito ndipo zimadya nthawi. Pulani imene siwerengera ntchito zimenezi ndi yabodza kuchokera pachiyambi.

Akadziwa masiku amene ali nawo, asankhe ntchito zokwana masikuwo zokha. Zotsala zikhale pa mzere, zidikire Lamulungu la sabata yachiwiri. Ngati ntchito zosasuntha zachuluka kuposa manja, adziwiretu lero, kuti afune aganyu kapena apemphe abale ndi anzawo a pa kalabu nthawi ikadalipo.

Mwina mufunsa kuti, tidziwa bwanji masiku amene kupalira theka la ekala kudzadya? Musaganizire, yezani. Lolemba werengani mizere imene munthu mmodzi wapalira kuchokera m'mawa mpaka dzuwa litatentha. Lachiwiri werenganinso. Mukachita zimenezi kawiri katatu mudzadziwa liwiro la banja lanu, osati la banja la mnzanu, kapena la m'buku la mlangizi. Dothi la mchenga la ku Chintheche silifanana ndi la makande la m'dambo, ndipo munthu wa zaka 60 safanana ndi wa zaka 20.

Bolodi la pa chitseko

Kuti zimene mwagwirizana zisaiwalike, zilembeni poonekera. Kuseri kwa chitseko ndi khala kapena choko n'kokwanira. Kope la sukulu nalonso ndi labwino. Jambulani mizere iwiri yotsika kuti pakhale zipinda zitatu. Chipinda choyamba: Zodikira. Chachiwiri: Zili m'manja. Chachitatu: Zatha. Ngati kulemba kukuvuta, jambulani chizindikiro, chitsononkho m'malo mwa chimanga, tsamba la chigwada m'malo mwa chinangwa, kapena mwana wa sukulu akulembereni.

Lamulo la bolodi limeneli ndi limodzi, ndipo ndilo lovuta kusunga. M'chipinda cha pakati musakhale ntchito zopitirira ziwiri. Musayambe yachitatu imodzi isanathe. Amayi lamulo limeneli amalidziwa kale. Chinangwa chikakumbidwa chimayamba kuonongeka pakangopita masiku awiri kapena atatu, choncho palibe mayi amene amazula munda wonse tsiku limodzi. Amakumba chokwana kuviika, chikauma akumbanso china. Chitani chimodzimodzi ndi ntchito zonse. Minda itatu yopaliridwa theka siipindula ngati munda umodzi wopaliridwa wonse.

Gwirizananinso tanthauzo la mawu akuti yatha. Kupalira kwatha pamene mzere womaliza wa kumalire wayera, osati pamene mbali yoonekera kunjira yayera. Kuthira feteleza kwatha pamene wakwiriridwa. Ndanena zimenezi chifukwa ndaona minda yambiri yokongola kumsewu, koma ukalowa mkati udzu ukufika m'chiuno.

Madzulo aliwonse, podikira nsima, tengani mphindi zochepa. Lero tagwira chiyani? Mawa tigwira chiyani? Pali chimene chikutitchinga? Si nthawi ya milandu ayi. Ngati khasu laguluka, lizikidwe usiku womwewo. Ngati mwana watentha thupi, mudziwiretu kuti mawa munthu mmodzi apita kuchipatala, ndipo otsalawo agwire ntchito imene ili patsogolo pa mzere.

Kukaona ndi maso

Masabata awiri akatha, musanakonze ena awiri, pitani kumunda nonse. Musaweruze muli pakhonde. Yendani mkati mwa munda, osati m'mbali mokha. Suzumirani kumtima kwa chimanga ngati muli ndowe za mbozi zooneka ngati utuchi. Tembenuzani masamba a chinangwa, onani nsonga ngati zikupota kapena zili ndi zoyera ngati thonje, onaninso masamba a khate. Pa nthochi yang'anani masamba opyapyala oimirira mothinana pamwamba, chimene ndi chizindikiro cha chisaka. Phata lotere lizulidwe lonse, ndipo ana ake asabzalidwe pena. Yang'anani pamene madzi a m'dambo kapena a nyanja afika, muzike kamtengo kuti ulendo wina mudzaone ngati akukwera.

Mukabwerako funsanani mafunso awiri. Loyamba ndi la munda: malinga ndi zimene taona, kodi mzere wa ntchito usinthe? Lachiwiri ndi la inu eni: n'chiyani chinatichedwetsa, ndipo tisinthe chiyani chimodzi? Chimodzi chokha, osati khumi.

Abambo, pa mfundo iyi mundikhululukire. Msonkhano umene bambo amalankhula okha, mayi ndi ana n'kumangovomera, si msonkhano. Kawirikawiri amene amayamba kuona kuti chinangwa chadwala ndi mayi, chifukwa ndiwo amapitako kukathyola chigwada. Akaopa kunena, mudzadziwa mochedwa. Kumva maganizo a akunyumba sikuchotsa ulemu wa bambo.

Nthawi zina zimene muone zidzafuna mtima wolimba. Tinene kuti mwana wamkulu uja wapeza ulendo wa ku Joni mu Febuluwale. Manja achepa. Banja lanzeru livomereza msanga kuti silingasamale zonse, lisankhe ndime imene yaonongeka kale kwambiri, liisiye, kapena liikonzenso libzalepo mbatata. N'zowawa, pakuti pa ndimeyo panapita mbewu ndi thukuta. Koma thukuta limene linapita silibwerera, ndipo kulilondola ndi thukuta lina n'kutaya kawiri.

Yesani pang'ono musanalowe ndi miyendo yonse

Njira imeneyi imaphunzitsanso kuyesa chinthu chatsopano pamalo pang'ono. Tili ndi mwayi kuti malo a kafukufuku a Mkondezi ali m'boma lathu lomwe lino, ndipo mitundu ya chinangwa monga Sauti, Silira, Maunjili ndi Mkondezi inatulutsidwa ndi akatswiri a boma. Mukapeza mbewu ya mtundu umene simunalimepo, musazule Gomani wanu yense. Bzalani mizere isanu kapena khumi pambali pa wakale, tsiku limodzi, chisamaliro chimodzi. Pokolola yerekezani: kuchuluka kwake, kuola kwa mkati, kuyera kwa ufa, ndiponso ngati kondowole wake akukoma pakamwa pa a m'nyumba mwanu. Mtundu wobereka kwambiri umene ana akuukana ndi wogulitsa, si wa nkhokwe. Mukakhutira, chaka chinacho onjezani. Mukapanda kukhutira, mwataya mizere khumi yokha. Ndipo mitengo yobzala, kaya ndi ya mtundu wanji, idulidwe ku zomera zopanda matenda.

Uthenga wa zanyengo

Ku Malawi kuno ilipo kale njira ya ulangizi yofanana kwambiri ndi zimene ndikufotokozazi. Imatchedwa PICSA, inakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Reading ku England, ndipo alangizi a m'maboma angapo anaphunzitsidwa mothandizana ndi Nthambi ya Zanyengo. Mlimi amayamba kale mvula ili kutali, kuyang'ana mmene mvula yakhala ikugwera m'dera lake zaka zambiri, ndi kulemba njira zingapo zimene angatsate. Ulosi wa nyengo yonse ukatuluka, kawirikawiri cha mu Sepitembala, amabwerera ku pulani ija n'kuikonza. Mvula ikayamba amamvera ulosi wa masiku ochepa ndi machenjezo. Akakolola amakhala pansi kuona chimene chinayenda ndi chimene chinakanika.

Kumbukirani kuti ulosi si lonjezo. Akati mvula ikuyembekezeka kukhala yocheperapo, akunena za mwayi, sakunena kuti pa munda wanu sipadzagwa chimvula. Ndiye musagulitse mbewu yanu yonse ya mpunga chifukwa cha mawu amodzi a pa wayilesi. Chitani ngati msodzi uja: mverani wayilesi, yang'ananinso kumwamba, ndipo mukhale ndi njira yachiwiri yokonzeratu. Funsani mlangizi wa dera lanu za ulosi wa boma la Nkhata Bay, chifukwa wa dziko lonse sutiuza zambiri ife a kunyanja.

Ndalama ndi msika

Pulani ya ndalama nayo imakalamba msanga. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, nthawi yomwe alimi amagula zipangizo. Amene anawerengera matumba anayi a feteleza anapeza kuti ndalama zawo sizikwananso. Zikatere musamwaze matumba awiri pa munda wa matumba anayi. Chepetsani munda wa chimanga ukwane feteleza amene muli naye, onjezani manyowa, ndipo malo otsalawo apite ku chinangwa, mbatata kapena mtedza.

Pa kagulitsidwe, kuyambira mu 1987 boma linalola amalonda ena kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, osati ADMARC yokha. Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Idziweni musanakumane ndi wogula, ndipo yang'anitsitsani sikelo. Musagulitse zonse tsiku limodzi pokhapokha ngongole ikukukakamizani. Patulani chakudya cha chaka ndi mbewu poyamba, zotsalazo muzigulitse m'zigawo, mukuona mmene mtengo ukuyendera. Inu a ku Usisya muli ndi vuto lina la mayendedwe. Msewu wa m'phiri umavuta nthawi ya mvula, mwera umaletsa mabwato miyezi yozizira, ndipo Ilala nthawi zina imakhala ikukonzedwa ku Monkey Bay. Musakumbe chinangwa chogulitsa chachiwisi musanatsimikize chokwera. Ngati pali chikayiko, pangani makaka kapena ufa, zimene zingadikire sabata ina.

Kusintha si kutengeka

Wina akhoza kumva nkhani imeneyi molakwa n'kumati mlangizi watilola kusintha maganizo tsiku lililonse. Ayi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukagwirizana ntchito za masabata awiri, zigwireni mpaka zithe, pokhapokha pagwe chinthu chachikulu monga madzi osefukira, mbozi kapena matenda. Mphekesera za pa msika wa Chintheche zakuti mbewu yakuti yakwera mtengo si chifukwa chosiyira khasu pakati pa mzere. Zisungeni, mudzazikambe Lamulungu lokonza ntchito, mutafufuza.

Alimi a nandolo a kumwera anaphunzira zimenezi mowawa. Mtengo utakwera, ambiri anakuza minda. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene linkagula nandolo wambiri, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mtengo kuno unagwa pansi. Amene anasiya pang'ono malo a chakudya anapirira. Amene anathamangira mtengo wa chaka chatha ndi munda wonse anakhala ndi matumba opanda wogula.

Mbewu za mitengo ndiye zimafuna kudekha koposa. Mtengo wa rabala ngati ya ku Vizara umatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri usanayambe kuchekedwa. Tiyi ndi makademiya ngati za ku Kawalazi nazonso ndi za zaka zambiri. Pa mbewu zotere, maganizo obzala kapena kuzula sapangidwa pa masabata awiri. Chimene chimasintha pafupipafupi ndi kasamalidwe kake.

Kwa inu a pa esiteti ndi a m'makalabu

Inu amene mumagwira ntchito pa maesiteti mwina mukuti zimenezi sizikukukhudzani, popeza ntchito amagawa ndi kapitawo. Zikukukhudzani kawiri. Choyamba, esiteti yoyenda bwino imagwira kale ntchito m'zigawo zazifupi: tiyi amathyoledwa mozungulira pakapita masiku owerengeka, ndipo mvula ikagwa m'mamawa ocheka rabala amayamba mochedwa kapena kupatsidwa ntchito ina, chifukwa khungwa lonyowa limataya utomoni. Mukaona chotchinga, chida chothyoka, mzere wodwala, mgwazo wosatheka pa dothi lolimba, nenani m'mawa mwake, musadikire tsiku la malipiro. Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kuthetsa ulimi wa matenanti, choncho mgwirizano wanu ndi eni esiteti ukhale womveka, makamaka wolembedwa. Pulani ya ntchito ikhoza kusintha. Malipiro amene munagwirizana sasintha ndi mawu a mbali imodzi.

Chachiwiri, ambiri a inu muli ndi kamunda kanu kamene mumakalima madzulo ndi Loweruka. Nthawi yanu njochepa kuposa ya wina aliyense, ndiye kuwerenga masiku ndi kusayamba ntchito zambiri n'kofunika kwa inu koposa.

Pa kalabu, njira ndi yomweyo, kungoti anthu achuluka. M'miyezi ya mvula kumanani masabata awiri aliwonse m'malo mwa kamodzi pamwezi, ndipo msonkhanowo uchitikire m'munda wa membala mmodzi, osati pansi pa mtengo wa mango nthawi zonse. Ukhale waufupi. Mlembi abwere ndi kope la zipinda zitatu lija. Aliyense anene ntchito imene ili m'manja mwake ndi chimene chikumutchinga. Ngati mamembala atatu mbande zawo za mpunga zakwana sabata imodzi, gulu ligawane masiku, Lolemba kwa uyu, Lachitatu kwa uyo, Lachisanu kwa winayo. Ngati kalabu ili ndi anthu opitirira khumi, gawikanani m'timagulu ta anthu oyandikana minda, kuti wina asayende mtunda wautali kukapalira ola limodzi.

Amene mukufuna kuyamba, musadikire nyengo yatsopano. Yambani Lamulungu likudzali ndi ntchito zimene zili pamaso panu. Ndikadzafika m'dera lanu mudzandionetse chitseko kapena kope lanu, ndi chiwerengero cha mizere imene munthu mmodzi amapalira m'mawa umodzi, kuti tidzawerengere limodzi masabata awiri otsatira.